Pansi Pakamagwedera, Miyendo Imasinthanso Kapondedwe

Silabu ikhoza kukhala yolimba moti mungaunjikepo matumba a simenti osaona mng'alu, koma n'kumanjenjemera munthu mmodzi akangodutsapo mothamanga. Ambiri amadabwa, chifukwa amatenga kulimba ndi kusagwedera ngati chinthu chimodzi, pomwe ndi zinthu ziwiri. Thumba la simenti limangokhala phee pamene mwaliika. Munthu amaponda, n'kunyamula phazi, n'kupondanso, ndipo akangomva kuti pansi pakuyenda amasintha kapondedwe kake asanaganize n'komwe. Kusintha kumeneku ndiko ndikufuna tikuonetsetse, chifukwa nthawi zina kumapepuza chomangidwacho, nthawi zina ndiko kumayambitsa vuto lenilenilo.

Munthu woyenda bwinobwino amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi. Mainjiniya amalemba kuti 2 Hz, ndipo Hz amangotanthauza kangati pa sekondi. Woyenda mozengereza amatsika kufika pa 1.6 Hz, wofulumira amafika pa 2.4 Hz. Pa phazi lililonse mphamvu yopita pansi imakwera n'kutsika ndi pafupifupi 40 peresenti ya kulemera kwa thupi, kutanthauza kuti munthu wa makilogalamu 70 amakhala ngati akuwonjezera n'kuchotsa makilogalamu 28 kawiri pa sekondi. Si zambiri. Kudumpha ndiye nkhani ina. Wodumpha akakhala m'mwamba, pansi sipasenza kalikonse, ndipo kulemera kumene kukanagawika pa nthawi yonseyo kumapanikizika m'kanthawi kochepa kamene mapazi agunda. Ngati mapazi akhala pansi theka la nthawi, mphamvuyo pachimake imafika katatu kulemera kwa thupi. Ngati akhala pansi gawo limodzi mwa magawo atatu, imayandikira kasanu, ndiye munthu wathu uja amamenya pansi ngati makilogalamu 330.

Pali china chimene anthu ambiri amachiphonya. Kugunda kwa phazi si kosalala, n'chifukwa chake wodumpha pa 2 Hz amakankhanso pansi pa 4 Hz ndi pa 6 Hz, mphamvu ikumka nichepa. Pansi pogwedera pa 6 Hz sipanapulumuke chabe chifukwa palibe munthu amene angadumphe kasanu n'kamodzi pa sekondi. Phazi limodzi likamabwera pa kugwedera kwachitatu kulikonse, pansipo pamalandirabe kukankha pa nthawi yake.

Chomangidwa chilichonse chili ndi liwiro limene chimagwedera nalo mukachigunda n'kuchisiya. Mainjiniya amati natural frequency. Ife tilitchule kuti liwiro lachibadwa. Amene anakankhapo mwana pa katungwe amadziwa kale nkhaniyi. Safuna mphamvu zambiri, amangofuna kukankha pa nthawi yoyenera, ndipo kukankha kulikonse kumawonjezera pa kwam'mbuyo. Kukumana kotere kwa mapazi ndi liwiro lachibadwa ndiko amati resonance. Kuti muyerekeze liwirolo pa bimu (mtanda wosenza pansi) kapena silabu, werengerani kuti imapindika mamilimita angati pakati chifukwa cha kulemera kwake ndi katundu wokhalapo nthawi zonse, mupeze square root ya nambalayo, kenako mugawe 18 ndi zimene mwapezazo. Yopindika mamilimita 20 imagwedera pa 4 Hz, ya mamilimita 9 pa 6 Hz, ya mamilimita 5 pa 8 Hz. Utali ndiwo umalanga kwambiri: bimu yomweyo mukaitalikitsa kawiri, liwiro lake limatsika kanayi. N'chifukwa chake maholo otambalala opanda zipilala pakati, ndi masitandi a m'sitediyamu otulukira kutsogolo opanda chochirikiza kunsonga, ndiwo amavutitsa kawirikawiri.

Nambala yachiwiri ndi damping, mphamvu imene chomangidwa chili nayo yozimitsa kugwedera. Pansi pomangidwa ndi zitsulo ndi konkire popanda chilichonse pamwamba pamakhala ndi damping ya 1 peresenti kapena kupitirira pang'ono. Mukaikapo siling'i, mipando ndi makabati imafika cha m'ma 3 peresenti, ndipo makoma ogawa zipinda ofika kudenga amaikweza kufika pa 5. Resonance ikagwira mokwanira, kugwedera kumakula kokwana 50 kugawa ndi peresenti ya damping, poyerekeza ndi kupindika kumene mphamvu yomweyo ikanachititsa ikanangokhala phee. Pa 1 peresenti ndi ka 50. Pa 5 peresenti ndi ka 10 kokha. Ofesi imene kwa zaka zambiri inali bata ikhoza kuyamba kunjenjemera sabata imene agwetsa makoma a mkati ndi kutulutsa makabati a mafayilo, ngakhale bimu ina iliyonse ili momwe inalili.

Tsopano tibwere kwa munthu.

Mwendo si ndodo, ndi sipuling'i imene mwini wake amailimbitsa kapena kuifewetsa. Mu 1997 Daniel Ferris ndi Claire Farley anadumphitsa anthu pamalo olimba mosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti pansi pakafewa munthu amaumitsa miyendo, pakauma amaifewetsa, moti kufewa kwa mwendo ndi pansi mukakuphatikiza kumakhala pafupifupi chimodzimodzi. Othamanga amachitanso zomwezo, ndipo amasintha pa phazi loyamba lenileni loponda pamalo atsopano. Izi zisanadziwike bwino, Thomas McMahon ndi Peter Greene anali atakonza kale njira yothamangirapo ya m'nyumba ku yunivesite ya Harvard chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Anaisankhira kufewa kogwirizana ndi mwendo wa wothamanga, ndipo anthu anathamanga mofulumirirapo ndi 2 mpaka 3 peresenti.

Pamalo amene akugwedera okha zinthu zimavuta kuposa pamenepa, chifukwa pansi sipakungofewa ayi, pakuyenda ndi nthawi yakeyake. Ofufuza a ku Manchester ndi ku Sheffield anadumphitsa anthu pa nsanja imene ankatha kuisintha liwiro lachibadwa. Wodumpha akayandikira liwiro la nsanjayo, mphamvu imene ankaponda nayo inkatsika kwambiri, ndipo nthawi zina ankalephereratu kusunga kadumphidwe kamene anauzidwa, n'kuthawira ku liwiro lapamwamba kapena lapansi pang'ono. Chifukwa chake n'chomveka: ukufuna kudzikankha kuti unyamuke, pansi pakukuthawa, ndiye ulibe pogwira. Amene amawerengera pogwiritsa ntchito mphamvu zoyezedwa pa konkire yosasuntha amapeza kugwedera kokulirapo kuposa kumene kumachitikadi pa nsanja yopepuka.

Koma musatengeke nazo. Chitetezo chimenechi chimabwera pokhapokha kugwedera kutakula kale, ndiponso pa chomangidwa chopepuka poyerekeza ndi anthu ali pamwamba pake. Pa silabu yolemera matani ambiri munthu sathawidwa ndi pansi, amapitiriza kumenya ndi mphamvu zake zonse. Ndipo pali kachitidwe kena kamene ine ndimakaopa kuposa kudumpha: kunjanja ndi maondo mapazi osachoka pansi. Mphamvu yake pa munthu mmodzi ndi yocheperapo, koma sikutopetsa, aliyense amakutha, ndipo poti mapazi sachoka pansi, thupi limamva kugwedera nthawi yonse n'kumakutsatira. Pansi pomwepo pamasanduka ng'oma yotsogolera gulu.

Anthu ongoima kapena kukhala amachita zosiyana. Thupi la munthu woima limagwedera lokha cha m'ma 5 Hz, ndipo minofu ndi mfundo zake zimameza mphamvu yambiri, moti gulu longoima limakweza damping ya pansi kangapo. Sitandi yodzaza ndi anthu ongoonerera imakhala bata kuposa yopanda anthu. Chigoli chikalowa, anthu omwewo amene amazimitsa kugwedera amanyamuka onse pamodzi n'kukhala oyambitsa. Woyeza sitandi ali ndi udindo woyeza ili yopanda anthu, ndipo asawerengere damping ya anthu amene sangakhale chiimire.

Kuchuluka kwa anthu pakokha sikuopsa kwenikweni, choopsa ndi kugwirizana kwawo. Anthu 100 oyenda aliyense ndi kapondedwe kake amafafanizana, ndipo zotsala zimafanana ndi anthu 10 oponda limodzi. Nyimbo, ng'oma, kuwomba m'manja ngakhalenso kungoona mnzako ali patsogolo kumachotsa kufafanizanako. Nyimbo yogunda ka 120 pa mphindi ndi 2 Hz, ya ka 150 ndi 2.5 Hz. Gulu lalikulu limavutika kudumphira limodzi kupitirira 2.8 Hz, ndipo apa ndi pamene panachokera malire a liwiro lachibadwa a 8.4 Hz mu muyezo wa ku Britain wa BS 6399 wa 1996, wa malo ovinirapo: 2.8 kuchulukitsa katatu. Pa masitandi, malangizo a bungwe la mainjiniya la Institution of Structural Engineers amatchula 3.5 Hz ngati malire otsikitsitsa, ndi 6 Hz pamene padzachitikira zoimbaimba zodumphitsa anthu.

Pa 5 July 2011 nyumba ya Techno Mart ku Seoul, yosanja ka 39, inagwedezeka kwa mphindi pafupifupi 10 mpaka anthu anatulutsidwamo. Kunalibe chivomerezi. Anthu pafupifupi 20 ankachita masewera olimbitsa thupi a Tae Bo pa nsanjika ya 12, pa liwiro la 2.7 Hz, lomwe linali liwiro lachibadwa la nyumba yonseyo pogwedera m'mwamba ndi pansi. Amene anamva kwambiri anali a m'nsanjika zapamwamba, kutali ndi odumphawo. Ofufuza atabwereza masewerawo pa liwiro lomwelo, nyumbayo inagwederanso.

Kugwedera kwa m'mbali kuli ndi khalidwe lakelake, ndipo kuno kusintha kwa munthu kumaipitsa zinthu. Tikamayenda thupi limapendekera kumanja pa phazi limodzi, kumanzere pa linalo, ndiye kukankha kwa m'mbali kumabwera pa theka la liwiro la mapazi, pafupifupi 1 Hz. Mphamvu yake ndi yochepa zedi, ndipo kwa zaka zambiri omanga milatho sankaiwerengera. Mlatho wa oyenda pansi wa Millennium Bridge ku London unatsegulidwa pa 10 June 2000. Tsiku limenelo panadutsa anthu pafupifupi 90,000, nthawi zina 2,000 pa kamodzi, ndipo chigawo chapakati, chotalika mamita 144, chinayamba kupita uku ndi uku mpaka mamilimita 70. Anthu ankayenda dzandidzandi, atatangadza miyendo, ena atagwira zitsulo za m'mbali. Pa 12 June mlathowo unatsekedwa.

Mainjiniya a kampani ya Arup anauyesa pokweza anthu pang'onopang'ono pa chigawo chimodzi, ndipo zimene anapeza n'zofunika kuzisunga m'mutu. Kugwedera sikunkakula pang'onopang'ono molingana ndi anthu. Mlatho unali bata mpaka anthu atafika cha m'ma 160, kenako powonjezera ochepa chabe unayamba kugwedera mwadzidzidzi. Munthu aliyense woyenda amadyako pang'ono damping ya mlatho, ndipo ikatha yonse palibenso choletsa. Poyamba ambiri ankafotokoza kuti anthu anayamba kupondera limodzi ndi mlatho ngati asilikali. Mu 2009 John Macdonald wa ku University of Bristol anaonetsa kuti kupondera limodziko sikufunika kuti vuto liyambe. Munthu akamva kuti akupendeka sasintha msanga nthawi yopondera, amasintha malo oikapo phazi, n'kuliika kunja pang'ono kuti asagwe, ndipo kadzitchinjirizedwe kameneka, mukaphatikiza anthu ambiri, kamapereka mphamvu ku mlatho. Kupondera limodzi kumabwera pambuyo, mlatho utayamba kale. Ine ndimaona kuti kufotokoza kumeneku ndiko kumagwirizana bwino ndi zimene munthu amamva m'miyendo mwake akakwera chinthu chopendekapendeka. Mlathowo anauikira madampa 37 okhala ndi madzi olimba mkati, ofanana ndi mashoko a galimoto, ndi ena 52 a zitsulo zolemera zokhala pa masipuling'i, pa mtengo wa pafupifupi mapaundi 5 miliyoni, ndipo unatsegulidwanso mu February 2002. Mlatho wa Solférino ku Paris unakumana ndi zofananazo mu 1999. Lero muyezo wa ku Ulaya wa EN 1990 umafuna kuti mlatho wa oyenda pansi uunikidwe ngati liwiro lake lachibadwa lili pansi pa 5 Hz m'mwamba ndi pansi, kapena pansi pa 2.5 Hz m'mbali.

Nkhani ya asilikali ndi yakale. Pa 12 April 1831 mlatho wolendewera wa Broughton, pafupi ndi Manchester, unagwa asilikali 74 akuguba pamwamba pake, ndipo kuyambira pamenepo asilikali a ku Britain analamulidwa kusiya kupondera limodzi akafika pa mlatho. Chimene chimaiwalika n'chakuti ofufuza anapeza bawuti yosulidwa molakwika pomangirira unyolo wa mlathowo. Kawirikawiri kugwedera sikuthyola chinthu chabwinobwino, kumafufuza pamene panali pofooka kale. Zinateronso ku sitediyamu ya Goffertstadion mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands pa 17 October 2021, pamene chigawo cha sitandi chinatitimira otsatira timu ya Vitesse akudumpha posangalalira chipambano. Mwamwayi pansi pake panali kontena imene inachilandira, ndipo kafukufuku anapeza kuti zitsulo za m'konkire zinali zosakwanira.

Nanga mungayeze bwanji pansi pamene pakukukayikitsani? Foni yamakono ili ndi kachipangizo koyeza kugwedezeka, ndipo ndi kokwanira kupezera liwiro lachibadwa ngakhale sikangalowe m'malo mwa zida za injiniya. Ikani pulogalamu yowerenga ka 100 pa sekondi kapena kuposerapo. Foniyo muimatire ndi tepi pansi penipeni polimba, osati pa kapeti, pakati pa danga lalitali kwambiri la pakati pa zipilala. Pafupi ndi chipilala pansi sipayenda, ndiye mudzanamizidwa kuti zonse zili bwino. Ena onse atuluke. Imani pafupi ndi foniyo, nyamukani pa zala za kumapazi mpaka zidendene zikwere masentimita 6, mudzigwetse pa zidendene maondo ali owongoka, kenako muime nji kwa masekondi 10. Bwerezani kasanu. Pa chithunzi chimene chatuluka werengani nsonga zimene zili mu sekondi imodzi. Limenelo ndilo liwiro lachibadwa. Kuti mupeze damping, werengani kuti padutsa nsonga zingati kuti kugwedera kutsike kufika theka, mugawe 11 ndi nambalayo. Nsonga 11 ndi 1 peresenti, nsonga 4 ndi pafupifupi 3. Pa pansi pamatabwa popepuka thupi lanu lomwe limakweza damping, choncho nambala imene mwapeza muitenge kuti ndi yokometsera.

Mukatero gawani liwirolo ndi 2, ndi 3 kapena ndi 4 mpaka ligwere pakati pa 1.6 ndi 2.4. Tinene kuti mwapeza 6.3 Hz: kugawa ndi 3 kukupatsani 2.1 Hz, omwe ndi mapazi 126 pa mphindi. Tcherani metronome, pulogalamu yogunda pa liwiro limene mwaiuza, pa foni ina pa 126, munthu mmodzi adutse pakati pa dangalo akutsatira kugundako, kenako ayeserenso pa 120 ndi pa 132. Ngati pa 126 kugwedera kukukula pa phazi lililonse koma pa enawo ayi, mwaigwira resonance. Musayese ndi gulu lodumpha. Kuyesa kumeneko kumachitika injiniya atawerengera kale kuti pansipo papirira.

Dziwaninso kuti thupi limamva msanga kuposa mmene konkire imavutikira. Limamva kwambiri pakati pa 4 ndi 8 Hz, ndipo malire amene malangizo a AISC, bungwe la ku America loona zomanga ndi zitsulo, amaika pa ofesi ndi theka la peresenti ya mphamvu yokokera zinthu pansi. Pa 5 Hz kumeneko ndi kuyenda kwa mamilimita 0.05, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pa mlatho wapanja anthu amalola kakhumi kuposa apo, chifukwa akuyenda ndipo akuyembekezera kuti ugwedera. Madandaulo ambiri a m'maofesi ndi a kusowa mtendere, osati a ngozi, komabe ndi oona: munthu sangagwire ntchito kompyuta ikunjenjemera pamaso pake tsiku lonse.

Pokonza, njira yotsika mtengo koposa ndi kusamutsa chogwedezacho. Malo olimbitsira thupi apite pa nsanjika yapansi, kapena odumpha aime pafupi ndi zipilala, kapena asiye nyimbo za liwiro limene mwalipeza lija. Ikubwera pambuyo pake ndi nsanamira pakati pa bimu, imene ingakweze liwiro lachibadwa mpaka kanayi, bola itsike mpaka pa maziko. Mukaikhazika pa silabu ina ya m'munsi mwangosamutsira vutolo kwa anansi, ndipo mwina mwasenzetsa silabuyo katundu amene sinapangidwire. Pa pansi pamatabwa, timatabwa topingasa pakati pa mitanda ndi kumangirira matabwa apamwamba ndi guluu ndi masikuluwu zimachititsa kuti mitanda ingapo isenzere limodzi phazi limodzi.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa ndi ziwiri. Choyamba ndi kuthira konkire ina pamwamba poganiza kuti kulemera kudzakhazikitsa pansi. Ngati konkire yatsopanoyo sinalumikizike bwino ndi yakale, mwawonjezera kulemera popanda kuwonjezera kuuma, liwiro lachibadwa latsika, ndipo pansi pamene panali pa 5.5 Hz pakhoza kugwera pa 5 Hz, kawiri ndendende ka nyimbo ya 150 pa mphindi. Chachiwiri ndi kuyala mphira. Mphira umachepetsa phokoso ndi kugunda kwa chitsulo chogwetsedwa, koma kukankha kobwera kawiri kapena katatu pa sekondi kumadutsa ngati palibe kanthu.

Dampa ya chitsulo cholemera pa masipuling'i, imene amati tuned mass damper, imagwira bwino pamene vuto lili pa liwiro limodzi lodziwika. Imalemera maperesenti ochepa chabe a gawo limene likugwedera, imamangidwa pamene kugwedera kuli kwakukulu, ndipo imatcheredwa pansi pang'ono pa liwiro lachibadwa loyezedwa pamalopo, osati la papepala. Wina akadzamanga khoma kapena kusintha katundu wa m'chipindacho, liwiro limasuntha ndipo dampayo iyenera kutcheredwanso. Imafunanso kuiyendera, chifukwa ikachita dzimbiri kapena kukhudza chinthu china imangokhala katundu wowonjezera.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuyeza: mng'alu umene ukutseguka n'kutsekeka anthu akamadumpha, fumbi kapena tizidutswa ta konkire tikugwa polumikizira bimu ndi chipilala, mabawuti akulira kapena kumasuka, pansi posabwerera pamene panali anthu atachoka, ndi kugwedera kumene mwezi uno kwakula kuposa mwezi watha pa ntchito yomweyo, chifukwa liwiro lachibadwa likatsika palokha ndiye kuti china chake chafooka mkati. Mukaona zimenezi gulu lili pamwamba, choyamba zimitsani nyimbo. Pakangopita masekondi ochepa anthu amasiya kupondera limodzi ndipo matupi awo ongoima amayamba kumeza kugwederako. Musakuwe kuti nyumba ikugwa, chifukwa anthu othamangira pakhomo limodzi amaunjika kulemera pamalo amodzi n'kupondana. Atulutseni mzere ndi mzere, kuyambira amene ali pakati pa danga kapena kunsonga kwa sitandi. Pa mlatho umene wayamba kupita uku ndi uku, tsekani polowera kuti chiwerengero chitsike, ndipo amene ali pamwamba aime chilili atagwira chitsulo cha m'mbali mpaka utakhazikika, kenako adutse ochepaochepa.